Maliro Awiri ku Woolwich

Malemu Mayi Mable Chiwaula anabadwa pa 14 Ogasiti 1947 ku Nkhata Bay. Bambo awo anali a Morton Mhone, kalipentala amenenso ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi. Mayi awo anali a Bessie, ochokera ku Dowa. M'banjamo anabadwamo awiri, malemuwa ndi mlongo wawo, amene anali bambo anga. Ine ndine Bonface Mhone, ndipo banja landituma kuti ndiime pano.

Malemu anayamba sukulu mu 1954. Pa 3 Malichi 1959, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, boma la atsamunda linamanga anthu omenyera ufulu n'kuwakweza m'sitima padoko. Khamu linapita kukafunsa za abale awo. A Mhone anapita nawo, pensulo ili pakhutu, atasiya chitseko chimene ankapala. Asilikali anawombera khamulo, ndipo a Mhone sanabwererenso. Munthu amene ankakhomera anzake mabokosi anakwiriridwa wopanda bokosi, m'dzenje limodzi ndi ena amene anaphedwa tsikulo. Banja silinaone nkhope yawo. Panalibe nyimbo, panalibe wowerenga mbiri yawo, ndipo a Bessie sanamete tsitsi, poti kumeta kumatsatira maliro, koma maliro sanachitike.

Chaka chomwecho a Bessie anatenga ana n'kubwerera ku Dowa. Kumeneko malemu anamaliza sukulu, kenaka anaphunzira unamwino pachipatala cha mishoni. Mu 1970 anakwatiwa ndi a Harry Chiwaula, mphunzitsi, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Towela ndi Glory. Anagwira ntchito ku Lilongwe kwa zaka zambiri. Amuna awowo, a Chiwaula, anatisiya mu 1998.

Mu 2002 malemu anabwera kuno ku London kudzagwira ntchito pachipatala chachikulu cha ku Edmonton, ndipo anapuma mu 2012. Ankakhala kuno ku Woolwich, pafupi ndi nyumba za asilikali. Ankaseka kuti Mulungu ali ndi nthabwala zake, poti m'tauni yonseyi anawasankhira khomo limene kulira kwa lipenga kumamveka. Ambiri mwa inu munafika kuno mulibe pogona, ndipo munagona pampando wa m'chipinda chawo chochezera. Ankakudzutsani ndi nyimbo, mufune musafune.

Pantchito anasambitsa ndi kudyetsa okalamba ambiri, ena mwa iwo asilikali akale. Sanamanepo munthu madzi chifukwa cha mtundu wake. Koma m'mwezi wa Novembala, pamene anthu a dziko lino amavala duwa lofiira pokumbukira asilikali awo, iwo sankavala. Akafunsidwa, ankayankha mwaulemu kuti adzavala tsiku limene wina adzavalire bambo awo nsalu yakuda. Pa 3 Malichi sankagwira ntchito. Ankavala zakuda, kusala kudya, n'kuwerenga za Rizipa, mayi uja amene analondera mitembo ya ana ake pathanthwe, akuingitsa mbalame ndi zilombo, mpaka mfumu inalola kuti aikidwe. Ankati anakhululuka kalekale chifukwa Ambuye analamula, koma sanapeze vesi lowalamula kuti aiwale.

Mu Okutobala 2023 anadwala matenda ofa ziwalo. Anapirira, akuimbabe ndi theka la pakamwa. Pa Khirisimasi yapitayi anatiitana n'kutiuza kuti sakufuna kubwezedwa kumudzi. Anati aikidwe kuno, ndipo mbiri ya bambo awo iwerengedwe pamodzi ndi yawo, m'dziko la amene anatuma asilikali aja. Anamwalira pa 11 Febuluwale 2025 ali ndi zaka 77.

Sindikubisirani, abale, nkhaniyi inavuta m'banja. Ena anati tili m'dziko la eni, kudzabwera azungu amene ankagwira nawo ntchito, ana ena mapepala awo sanalongosoke, nanga tiputirenji mavu. Mantha amenewa ndikuwamvetsa. Koma mantha omwewa ndi amene anatseka pakamwa agogo athu a Bessie mpaka kumanda. Anzathu a dziko lino mwabwera chifukwa mumawakonda malemu, ndipo sindinu amene munawombera. Mdzukulu wawo Cathy akumasulirirani zonse, osasiyapo kanthu. Tinasankha dala kudikira lero, pa 3 Malichi. Ndikupempha kuti tonse tiimirire.

Malemu a Morton Mhone anabadwa m'chaka cha 1919. Anaphunzira ukalipentala ku mishoni. Anakwatira mu 1944. Mabenchi a m'tchalitchi chawo anakhoma ndi iwo, ndipo akayambitsa nyimbo ankakweza kwambiri moti amayi ankadandaula. Sanadwale. Anaphedwa ndi mfuti ya asilikali a atsamunda ali ndi zaka makumi anayi, m'manja mulibe chida. Mwazi wa Abele unafuula kuchokera m'nthaka, ndipo Mulungu anamva. Wawonso anaumva. Lero taumva ndife.

Khalani pansi, zikomo.

Malemu Mayi Chiwaula asiya ana awiri, zidzukulu zisanu ndi chidzukulutudzi chimodzi. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi a chigwirizano amene anasinthana kuwadwazika, anamwino anzawo a ku Edmonton, abale athu a ku Zambia amene aphika ndi kutinyamula, ndi nonse amene mwapempha tchuthi kuntchito tsiku la Lolemba.

Tikafika kumanda, aliyense aponye dothi kawiri. Mawa m'mawa ife a banja tidzameta, ndipo tidzametera onse awiri.

Azakhali, mwalondera nthawi yaitali, tsikani pathanthwe paja. Bambo anu tawaika. Mizimu yanu nonse iuse mumtendere, mpaka tsiku limene lipenga lidzalire ndipo dzenje lija lidzatsekuka. Ameni.