Kweza Wailesi, Mwanawe

Aulutsi, ndine mayi wa ku Bangwe, ndimagulitsa kaunjika.

Achimwene anga ndi dokotala. Anapita kunja kukaphunzira za kuthetsa ululu, ndipo ntchito yawo yonse n'kuonetsetsa kuti wodwala asabuule. Atamaliza maphunziro, anakhazikika komweko.

Chaka chatha amayi athu anadwala khansa. Kuchipatala anatipatsa panado n'kutiuza kuti tizikawasamalira kunyumba. Nyumba zathu za lendi n'zogundizana, ukatsokomola aneba amamva. Ululu ukawagwira, amayi ankandikodola n'kunong'ona kuti, "Mwanawe, kweza wailesi, anthu angandimve." Ndinkakweza mpaka aneba kumatinena, osadziwa kuti nyimbozo zikuphimba kubuula kwa munthu. Ululu ukaleka, ankayang'ana kukhomo n'kumati, "Achimwene ako akanakhala pano, akanadziwa chochita."

Achimwene anafika titaika kale maliro. Analira ngati mwana, kenaka anabwerera, ati kuno mankhwala a ntchito yawoyo kulibe.

Sindidana nawo ayi, kungoti ndimawasowa. Achimwene, bwerani, obuula aliponso kwanu kuno.

Ndipo inu omvera anzanga, wailesi ya aneba ikamasokosa dzuwa lili pamutu, musathamangire kukalipa. Kagogodeni kaye.