Dzina langa linatsala pang'ono kupita kusekondale popanda ine

Okondedwa omvera, ine ndinaleredwa ndi agogo kufupi ndi Linthipe, makolo anga atamwalira. Ndinali mwana wosayankhulayankhula, koma ndinkaona zambiri.

M'nthawi ya chipani chimodzi ndinasankhidwa kupita kusekondale. Tsiku lina ahedi anatiitanitsa ine ndi agogo, ndipo tinapeza atcheyamani a chipani atakhala kale mu ofesi. Atcheyamaniwo ankafuna kuti mwana wawo wamkazi akaphunzire pa dzina langa.

"Amayi, mtsikanayu angokuthandizani kulima kachewere. Sukulu apita nayo kuti?" anatero atcheyamani kwa agogo.

Ahedi anayankha modekha: "Bambo, malowa ndi a meriti. Kalekale kwa Azungu mawu amenewa ankatanthauza malipiro a munthu amene wagwira ntchito. Wagwira ntchito pano ndi mwanayu."

Masiku amenewo kuwakanira atcheyamani kunali kudziputira mavuto. Mwezi usanathe, ahedi anasamutsidwira kutali, osatsanzika n'komwe. Ine ndinapita kusekondale, ndipo ndagwira unamwino mpaka kupuma, pa dzina langa lomwelo.

Ahedi anga, ngati mudakali moyo ndipo mukumva, tsiku lija ndinangokhala chete, manja ali pa maondo. Lero ndikuti zikomo.