Munda Umene Ndinabwereka Alamu Anga

Ine, Jamali Abubakar, wa zaka 76, wa m'mudzi mwa Chiwoza kufupi ndi Benga, kale msodzi, pano sindigwira ntchito, ndikudandaula za a Rashid Hassani, alamu anga. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma zaka ndimazisunga bwino.

Mu 1981 a Rashid anakwatira mlongo wanga Zainab. Anachokera ku Nkhunga, ndipo kwathu kuno analibe polima. Ine ndinali ndi munda umene anandisiyira amalume anga, kumtunda kwa msewu wa tala, theka la kilomita kuchokera pa mzikiti wathu. Chaka chimenecho ndinkapita kukadula nzimbe ku Dwangwa, ndiye ndinawabwereka mundawo kuti alimemo chinangwa. Sitinalembe pepala. Mboni zinali amayi anga ndi a Yasini amene ankatsogolera mapemphero a swala pa mzikiti. Onse awiri anamwalira.

Kwathu kuno wobwereka munda amadzala chinangwa, chimanga kapena mbatata. Sadzala mtengo. Mtengo amadzala ndi mwini nthaka. Izi aliyense wamsinkhu wanga amazidziwa.

Nditabwera patchuthi mu 1983 ndinapeza mitengo ya mango khumi ndi inayi, yofika m'chiuno, itazungulira mundawo. Ndinawafunsa. Anandiyankha akuseka kuti, "Alamu, uwu ndi mthunzi chabe. Mukufuna mlongo wanu apse ndi dzuwa ali ndi pakati?" Zainab anali pomwepo, anayang'ana pansi. Sindinazule. Mvula itachedwa chaka chimenecho, ndinathirira nawo mitengoyo masiku atatu ndi ndowa yanga.

Ndinabwereratu kumudzi mu 1990. Ndinapempha munda wanga. Anati tidikire chinangwa chikhwime. Chitakhwima anakumba mbali imodzi n'kudzala china tsiku lomwelo. Zainab anandipempha kuti nkhaniyi ndisapite nayo kubwalo iye akali moyo. Ndinamumvera. Ndinamanga nyumba kunyanja n'kuyamba kupha usipa. Zainab anamwalira mu 2016. Pa sadaka yake ya masiku makumi anayi ndinafunsanso. A Rashid anati, "Alamu, lero ndi tsiku la minda?"

Mu Epulo 2024 nyanja inakwera, inalowa m'nyumba yanga ndi ya mwana wanga Shamsa, amene ndi wamasiye ndipo ali ndi ana atatu. Makoma anagwa. Kuyambira pamenepo tonse asanu tikukhala m'chisakasa cha udzu ndi pulasitiki kuseri kwa nyumba ya a Feston, anansi athu.

Mu Ogasiti chaka chino anabwera anthu oyeza malo. Msonkhano unali pa bwalo la sukulu. Anatiuza kuti pamene panali nyumba zathu kunyanja sipololedwanso kumanga, ndipo malo a kumtunda kwa msewu apatulidwa kuti pakhale nyumba zotchipa za anthu osauka. Anati mwini munda aliyense amene malo ake atengedwa ayamba ndiye kupatsidwa mapuloti atatu, ena tonse tilembedwa m'kaundula wodikira. Pofuna kudziwa eni minda, anafunsa komiti ya m'mudzi kuti mitengo ya m'munda uliwonse anadzala ndani. Onse a m'komitimo anabadwa mitengo ija ikubala kale. Anatchula a Rashid.

Ndinaimika dzanja, ndinafotokoza zonse kuyambira 1981. Wapampando wa komiti, a Daliso, anati, "Agogo, ife takula tikugenda mango a kwa Rashid. Mango anuwo sitinawalawepo." Anthu anaseka. A Rashid anali pa benchi yakutsogolo, sanatembenuke. Pa mapu analembapo dzina lawo. Mapuloti onse alipo 60. Shamsa m'kaundula ali pa nambala 212.

A Rashid ali ndi nyumba ya malata pa Benga, madzi sanaifike. Puloti imodzi apatsa mwana wawo Abdul, wa zaka 42. Ziwiri zinazo akuti alonjeza munthu wa ku Lilongwe. Izi sindinaone ndi maso, anandiuza ndi a Feston.

Lachiwiri pa 14 Okotobala, cha m'ma 7 koloko m'mawa, ndinapita kumundako ndi ndodo yanga. Ndinapeza zikhomo za konkire zopaka utoto wofiira. Ndinazula chimodzi, cha puloti nambala 9, n'kukhala nacho pansi pa mtengo. Izi sindikukana. Patapita ngati theka la ola anafika a Rashid pa njinga yamoto, Abdul akuyendetsa. Anaima mamita ngati asanu kuchokera pamene ndinakhala.

Abdul anatsika n'kunena kuti, "Amalume, bwezerani chinthu cha boma."

Ndinati, "Ndibwezera bambo ako akanena kuti munda uno ndi wa yani."

A Rashid ali pa njinga pomwepo anati, "Alamu, mukulimbana ndi ndani? Uyu si mphwanu, mwana wa mlongo wanu? Inunso munda uno simunaulandire kwa amalume anu? Wangopita kumene umayenera kupita."

Ndinati, "Amalume anga ndinayamba ndawaika m'manda. Ine ndikupuma."

Anati, "Kwatsala pang'ono."

Abdul anagwira chikhomo n'kukoka. Ine sindinachisiye. Anakoka kachiwiri mwamphamvu, ndinadzuka nacho n'kugwa chafufumimba pa muzu wa mtengo, dzanja lamanja lili pansi. Sanandimenye. Anakhoma chikhomo pamalo pake ndi mwala. A Rashid sanatsike. Anati, "Tola chisoti cha amalume ako, tizipita." Abdul anatola chisoti changa, anachikung'untha, anachiika pa bondo langa, ndipo anapita.

Ndinakhala pamenepo mpaka cha m'ma 9 koloko, pamene Shamsa anandipeza. Kuchipatala anati fupa la pamkono lathyoka, anandimanga chikhakha. Kalata yake ndapereka kwa wapolisi amene akulemba mawuwa.

Za dzanjali sindikufuna kuti Abdul amangidwe, ndi mwana wa Zainab. Nyumba zotchipazo sindikuzikana, zimangidwe. Munda wonse sindingaulimenso. Oyeza malo anati mapepala a mapuloti atuluka mwezi wamawa. Asanatuluke, ndikupempha chinthu chimodzi. A Rashid Hassani aitanidwe pa mzikiti Lachisanu, swala ikatha, a komiti alipo. Atawaze, kudziyeretsa ndi madzi monga timachitira tisanapemphere, agwire Kurani, anene kuti munda uja unali wa yani. Akalumbira kuti unali wawo, sindidzautchulanso, akayankha okha kwa Mulungu. Akakana kuigwira, puloti imodzi ilembedwe dzina la Shamsa, mvula isanagwe, inenso ndisanatsike m'manda.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera zonse, ndipo ndi mawu anga.

Wodandaula: Jamali Abubakar. Wadinda ndi chala chachikulu cha kumanzere.
Wolemba: Konsitabulo Mwawi Kamzati
Tsiku: 16 Okotobala 2025