Uthenga wa Maliro pa Khoma la Kalasi

Zikomo aulutsi, ndi inu nonse amene mukumvera. Ine ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 pa sukulu ina ku Area 25. Chaka chatha anatiphunzitsa kulumikiza foni ku pulojekita, makina oonetsa zithunzi pakhoma aja. Koma palibe amene anatichenjeza kuti chilichonse cholowa mufoni, ana nawonso amachiona.

Tsiku lina ndikufotokoza chithunzi cha mtima wa munthu, kalasi yonse inangoti zii. Nditacheuka, pakhoma panali uthenga wochokera ku gulu la amayi a kutchalitchi kwathu ku Nsungwi, wonena kuti mayi wina watisiya kuchipatala. Dzina lawo linali poyera, m'zilembo zikuluzikulu. Mwana wawo wamkazi anali atakhala pa desiki yakutsogolo.

Ndinathamanga n'kuima kutsogolo kwa makinawo, kenako ndinazula chingwe. Kwathu kuno mwana samuuza maliro choncho. Amabwera akuluakulu n'kumutenga bwinobwino.

Posakhalitsa azakhali ake anafika pakhomo la kalasi, maso ali psuu. "Amayi ako adwalika, tiye kunyumba," anatero. Mwanayo analongedza makope ake osalira. Podutsa pamene ndinaima, anandinong'oneza kuti, "Madamu, auzeni asavutike. Ndawerenga kale."

Aphunzitsi anzanga, makinawa ndi abwino, ndipo ndikuwagwiritsabe ntchito. Koma chonde, musanalumikize foni, tsekani data. Ine mpaka lero ndikangoyatsa pulojekita, maso anga sathamangira pakhoma. Amathamangira pa desiki ija.