Kuzungulira pa Kameza

Kaputeni Ambrosi, woyendetsa ndege, anakwera kabaza wa njinga yamoto ku Machinjiri, yunifolomu ili mbee. Ndege inkamudikira ku Chileka, koma chimukhutchumulireni mphepo mumlengalenga mwezi watha, mawondo ake sankafunako. Pa raundabauti ya Kameza anagwira phewa la Majidi, mwini njingayo.

"Usakhote. Zungulira."

Majidi anazungulira. "Mwagwetsa kanthu, bwana?"

"Ndikuyang'ana mitambo."

"Kulibe mtambo."

"Vuto lake ndi lomwelo. Yabisala. Zunguliranso."

Anazunguliranso. Amayi ogulitsa nthochi anayamba kuwabayibitsa.

"Bwana, kapena mukuopa?"

"Ine? Kaputeni wathunthu? Ndikungoyesa njinga yakoyi. Matayala unawapima?"

"Ndinawaponda ndi phazi."

"Nanga likaphulika lakutsogolo?"

"Limaphulika?"

"Chilichonse chimaphulika, aise. Nanga khwangwala akalowa mu injini?"

Majidi anasuzumira injini. Njinga inadzandira.

"Angakwanemo khwangwala mmenemu?"

"Amapinda mapiko. Uli ndi mainjini angati?"

"Imodzi."

"Imodzi yokha? Ine ndimakhala nawo awiri, koma usiku sindigona. Nanga iwe ukakomoka, agwire mahandulo ndani?"

"Ndimakomokanso?"

"Aliyense amakomoka."

Majidi anaimitsa njinga m'mbali mwa msewu. Anatsika. Anakhala pansi, chisoti pamiyendo.

"Ndili ndi ana ang'onoang'ono, bwana. Zaka zonsezi ndikuyenda pa injini imodzi, popanda wondiuza."

"Tiye, nthawi yatha."

"Sindikweranso chimenecho."

Foni inalira m'thumba mwa Ambrosi. A ku Chileka. Ambrosi anaunguza kabaza wina. Kunalibe. Ananjuta pafupi ndi Majidi.

"Tamvera, achimwene. Mantha sapha munthu. Umakoka mpweya, n'kuutulutsa pang'onopang'ono, n'kukwera uku ukunjenjemera."

"Inu mumatero?"

Ambrosi anayang'ana kumwamba. Kunali kuli ngwee. Anakoka mpweya, n'kuutulutsa. Anadzuka n'kupita panjinga.

"Khala kumbuyo. Ndiyendetsa ndine."

"Khwangwala akabwera?"

"Ndimuimbira belu."

Majidi anakwera, n'kumukumbatira m'chiuno, maso ali tsinzini. Anakhotera ku Chileka. Amayi a nthochi analuluta.

"Bwana," anatero Majidi, nkhope ataikwirira pamsana pa yunifolomu, "tikafika mundipezere kampando m'ndege mwanumo. Ine zoyenda pansi ndasiya, n'zoopsa."