Pa Foni Pankangooneka Mdima

Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ambiri mumandidziwa, ndine Chimbalanga, ndimagulitsa misomali ndi malata pa Golomoti.

Kale pakhomo pathu panali bwinobwino. Akazi anga, mayi a Tadala, ankalima mpunga, ankaimba kwaya muno. Tsiku lina m'mawa akusesa pabwalo anangogwa. Sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, mawu anatha. Pochoka kuchipatala ndinabwera nawo kunyumba akungoyang'ana.

Abale ndi alongo, ine sindinalire. Sindinalire, sindinakwiye, sindinapemphere. Chakudya ndinkangomeza. Munthu akabwera kudzandipepesa, ndinkayankha "zikomo" ngati ndikumupatsa chenji.

Ku shopu ndinkayenera kupitabe. Mng'ono wa akazi anga ankabwera m'mawa kudzawasambitsa, koma nayenso ali ndi munda ndi ana. Masana ankatsala okha. Ndiye mwana wathu Tadala, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anatitumizira kamera ndi rauta, kabokosi kamene mumaikamo simu kuti m'nyumba mukhale intaneti. Anati, "Ababa, mukakhala ku shopu muzingoyang'ana pa foni, muziwaona amayi."

Ndikakhala m'nyumba zinkatheka. Mayi a Tadala pabedi, ine pambali, chithunzi chili mbee pa foni. Koma ndikangotuluka pakhomo, mdima. Kufika ku shopu, mdima.

Tadala anandifotokozera kuti rauta imakaniza aliyense wochokera kunja. Pamafunika kuitsegulira kanjira, amati poti, n'kuiuza kuti wobwera pa nambala yakutiyakuti azipita ku kamera. Ndinalowetsa manambalawo iye akundiwerengera pa foni. Mdima. Ndinafufuta, ndinayambiranso. Mdima. Tinaimbira a kampani ya intaneti. Iwo anati simu yathu ikugawana adiresi imodzi ndi anthu ambirimbiri, choncho wochokera kunja sangapeze nyumba yathu. Anatipatsa adiresi yathuyathu. Mawa lake ndili ku shopu ndinawaona amayi ali gone. Sindinasangalale. Ndinangoti, chabwino.

Sizinakhalitse. Magetsi anazima, atayakanso, mdima uja unabwerera. Ndiye moyo wanga unasanduka umenewo. Ndikaweruka ndinkakhala pampando m'chipinda chomwecho, msana ndawalozetsa akazi anga, maso pa manambala. Kuzimitsa rauta, kuyatsa. Kuzula chingwe, kubwezera. Iwo ali kumbuyo kwanga, ine osawalankhula.

Ndiye linafika tsiku lija. Kunkatentha kwambiri, kutentha kwathu kuno mukukudziwa. Ndinayang'ana pa foni m'mawa, mdima. Ndinaibwezera m'thumba, ndinapitiriza kuyeza misomali. Nditafika kunyumba madzulo ndinawapeza ali pansi pa simenti. Anagwa pofuna kufikira kapu ya madzi. Milomo itauma, chitenje chitanyowa, nyerere zikuwayenda pamkono umene sumva uja. Anagona pamenepo nthawi yaitali bwanji, mpaka lero sindidziwa.

Ndinawanyamula. Ndinawapukuta, ndinawamwetsa madzi. Ndipo abale anga, mumtima munalibe kanthu. Munalibe kanthu! Zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Ndinakhala pakhonde n'kunena kuti, "Ambuye, ine mkatimu ndauma. Ngati mukumva, imvani nokha." Pemphero lonse linali lomwelo.

Loweruka lotsatira kunabwera amayi a mpingo kudzazonda matenda. Pakati pawo panali Mayi Jere, aja akhala uko, amene amakonza makompyuta ku Salima. Anzawo akuimba m'chipinda, iwo anandipeza ndi foni m'manja.

"Bambo a Tadala, chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza.

"Inasiya liti kugwira?"

"Magetsi atazima."

Anatenga foni ija, anayang'ana pang'ono, anati, "Onani apa. Magetsi akazima n'kuyakanso, rauta imaipatsa kamera nambala yatsopano. Koma poti yanu ikulozabe ku nambala yakale, kumene kulibe kanthu. Tiyeni tiimangirire kamerayi pa nambala imodzi, isamasinthenso." Anakonza. Tinazimitsa dala zonse, tinayatsanso. Anazimitsa netiweki ya m'nyumba pa foni yanga n'kundituma kumsewu kuti ndikayese ngati wochokera kunja. Chithunzi chinabwera.

Lolemba ndili ku shopu ndinatsegula foni. Akazi anga sanagone. Anali atakhala tsonga, okhaokha. Anatenga dzanja lakumanja lija ndi lamanzere, analinyamula, analiika pa kapu. Linaterereka. Analinyamulanso. Linatererekanso. Analinyamulanso. Milomo ikuyenda, akuyesa mawu. Ine ndikakhalapo sankachita zimenezi. Munthu amene ndinkamuwerengera kuti watha anali akumenya nkhondo yekha, ine ndili kalikiliki ndi kabokosi.

Panali bambo wina akudikira malata. Anati, "Achimwene, muli bwino?" Sindinagwe pansi, sindinafuule. Koma mumtima muja munamveka kanthu, koyamba chiyambire matenda aja. Ndinatseka shopu, ndinakwera njinga. Nditafika ndinakhala pabedi, kuwayang'ana kumaso, n'kugwira kapu ija kuti isasunthe. Ndinati, "Yesaninso, mayi." Anayesa.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti zonse zatha. Dzanja lija silinabwerere lonse. Mtima wanganso sunabwerere wonse, masiku ena ndimadzukabe ndili zii. Koma lero akuyenda ndi ndodo mpaka pakhonde. Kapu akuigwira okha. Mawu akutuluka amodziamodzi. Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza Mayi Jere, ndi amayi nonse amene simunatope nafe.

Sabata yathayi akazi anga analoza kamera ija ndi ndodo. Anati, "Chotsani."

Ndinati, "Bwanji, mayi? Tinavutika nayo."

Anatenga nthawi kuti mawu abwere. Ndinadikira. Kenako anati, "Muzibwera nokha."

Ndinaichotsa. Tsopano dzuwa likafika pamutu ndimatseka shopu, ndimapita kukadya nawo. Ofuna misomali nthawi imeneyo, pepani, muzidikira.

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.