Diresi Latsekeredwa mu Sutikesi ya Pulofesa

— Halo?

— Halo, Pulofesa! Ndine zakhali ako. Wadzuka bwanji, mwana wa achimwene?

— Ndadzuka bwino, azakhali, kaya inu? Miyendo ija?

— Ilipo iwiri. Tandimasulire ichi, poti ndiwe wamasamu: chili ndi pakamwa koma chilibe mano, chameza choyera, chikukana kulavula. N'chiyani?

— Azakhali, ndili kutchalitchi. Anthu adzaza, mkwati wafika kalekale. Msuweni wanga ali kuti?

— Wakhala pabedi apa, wavala peti, akulira. Wopaka nkhope wamupaka kawiri, zonse zatsika ndi misozi. Yankho lake ndi sutikesi yako ija unatibwereka.

— Yatani?

— Yameza diresi la ukwati! Maloko onse awiri akana. Nambala ija unati tisalembe paliponse, ili m'mutu mwako. Tiuze.

— Aaa, zazing'ono izo. Ine sindiloweza nambala ngati mwana wa sukulu, ndimasunga khalidwe lake. Ili ndi manambala sikisi: atatu loko wakumanzere, omwewonso loko wakumanja.

— Atatu ake ati?

— Dikirani kaye. Mukaiwerenga yonse pamodzi imagawika ndi 7, imagawika ndi 11, ndi 13 yomwe, osatsala kanthu. Nambala yotere ndi yosowa, azakhali. Ikangotulukira ndiizindikira.

— Mayunitsi anganso ndi osowa. Fulumira!

— Ndikudina kakyuleta... Eya! 417417. Yagawika konse kutatu. Ikani 4, 1, 7.

— Atsikana, folo, wani, seveni... Yakana.

— Mwazunguza bwino?

— Chala changa chatupa n'kuzunguza. Halo? Ukumveka ngati uli m'chidebe.

— Ndi netiweki. Yesani 5, 8, 2. Nayonso yagawika.

— Yakana. Nanga si unati ndi yosowa? Wapeza ziwiri ndisanameze malovu.

— Zangochitika... 903903... yagawika. 111111... Mayo ine.

— Walumidwa ndi chiyani?

— Azakhali, zikuoneka kuti... manambala atatu alionse mukawabwereza, imagawika basi.

— Alionse? Ngakhale nambala ya nsapato yanga?

— Alionse. Zilipo pafupifupi chikwi.

— Bwerezanso, ndakuika pa sipika. Atsikana, tamverani munthu amene bambo ake anagulitsa njinga kuti aphunzire!

— Musatero, azakhali! Akusekawo ndani?

— Onse. Ngakhale mkwatibwi waseka, kenaka wayambiranso kulira. Galimoto ikuliza hutala panja. Sutikesiyi ndiitumbule ndi mpeni?

— Ayi! Diresilo lili pamwamba penipeni, mulicheka.

— Ndiye titani, mwanawe?

— Yambirani pa 0, 0, 0, muzikwera imodziimodzi.

— Ambuye wanga. Atsikana, sinthanani zala! Ziro, ziro, wani... yakana.

— Abusa akundikodola, akuloza wotchi. Ndikawauze chiyani?

— Pita kutsogolo komweko ndi tayi yakoyo, utenge maiki. Uwauze kuti kwaya iyimbe mpaka mawu athe, mkwatibwi tikumugawa kaye ndi seveni. Ziro, ziro, thuu... yakana. Ziro, ziro...

— Azakhali? Halo? Halo!